Chofunda Chosafundidwa

M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseketsa maholo ndi mabwalo a misonkhano m'maiko ambiri, padali gulu lina la anthu limene lidasowa pogwira, ngakhale kuti nkhani yawo siidamveke kwenikweni m'manyuzipepala. Awa ndi amayi, pamodzi ndi abambo owerengeka, osoka zofunda za zigamba. Ku America, ku Canada ndi ku Britain anthu otere ali ndi mabungwe awo, ena aakulu, ena a m'tauni imodzi yokha, ndipo mwambo wawo ndi wakuti pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri amasonkhanitsa zimene asoka nazipachika m'holo kuti anthu adzaone. Chaka chimenecho zidakanika. Chionetsero chachikulu cha mumzinda wa Houston chidachitikira pa intaneti m'mwezi wa Disembala, ndipo cha bungwe lotchedwa Modern Quilt Guild chidatsata njira yomweyo mu Febuluwale 2021. Timabungwe tating'ono nato tidachita chimodzimodzi: membala aliyense adajambula chofunda chake, natumiza chithunzicho pamodzi ndi dzina lake, kukula kwa chofundacho ndi mawu pang'ono ofotokoza m'mene chidasokedwera. Mliri utazirala maholo adatsegulidwanso, koma chizolowezi choika zofunda pa intaneti chidatsala.

Wina anganene kuti nkhani ya zofunda ndi yochepa, yosayenera tsamba ngati lino. Koma mkati mwake muli funso limene limakhudza aliyense wogwira ntchito ndi manja, kaya ndi mmisiri wa matabwa, woumba mbiya kapena woluka mphasa. Chinthu chikapangidwira ntchito inayake, kenaka nkuchichotsa pantchitoyo kuti anthu azingochiyang'ana, kodi tachilemekeza kapena tachilanda moyo wake? Chofunda ntchito yake nkufunda. Nanga chofunda chimene chiri pagalasi la foni, chopanda kulemera, chopanda fungo, chosakhudzika, chikufunditsa yani? Ndipo ife oonererafe, tikachiona nkunena kuti chakongola, kodi nkhani yathera pomwepo, kapena tatsala ndi ngongole kwa amene adachisoka?

Tiyambe tamvetsa chinthucho. Chofunda chimene Angerezi amachitcha quilt si bulangete la kufakitale ayi. Chiri ndi magawo atatu osanjikizana. Pamwamba pali nsalu yopangidwa polumikiza tizidutswa tambirimbiri. Pakati amayalapo thonje kapena ubweya kuti muzisunga kutentha. Pansi pali nsalu ina yaikulu. Zitatuzi amazibaya pamodzi ndi singano, mzere ndi mzere, kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, kuti thonje lisaunjikane mbali imodzi pochapa. Kulumikiza tizidutswa munthu amatha kuchita yekha, usiku ana atagona. Koma kubaya magawo atatu aja kale inkakhala ntchito ya gulu. Ankatambasula chofunda pamitengo inayi yolumikizidwa ngati bedi lopanda matiresi, amayi nkukhala mozungulira, aliyense ndi singano yake, nkhani ndi nyimbo zikuyenda. Lero ambiri amasoka ndi makina, komabe chofunda chimodzi chachikulu chimadya masabata, mwinanso miyezi.

Tisafulumire kuiimba mlandu intaneti, pakuti kutalikirana kwa chofunda ndi thupi la munthu kudayamba kale. Ngakhale m'holo muja lamulo loyamba ndi lakuti osakhudza, popeza thukuta ndi mafuta a m'manja zimaononga nsalu. Pamakhala anthu ovala magolovesi oyera, ndipo ukafuna kuona kuseri kwa chofunda umapempha iwowo kuti akutembenuzire ngodya imodzi. Chiyambi cha zimenezi ambiri amachiloza ku chaka cha 1971, pamene nyumba ya zaluso ya Whitney ku New York idapachika pakhoma zofunda zakale pafupifupi 60, zimene Jonathan Holstein ndi Gail van der Hoof adatolera pogula m'misika ya zinthu zakale. Zidapachikidwa monga m'mene amapachikira ntchito za akatswiri ojambula, ndipo anthu adazizwa nazo. Koma pafupifupi zonse zidalibe maina a ozisoka. Amayiwo adali atapita kale osasiya chizindikiro, ndipo maina amene adamveka adali a ogula. Mfundo iyi tiisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Kuti funso lathu lisakhale la m'malere, tiyeni tilitengere kumudzi umodzi kumene zonsezi zidagwera anthu enieni. M'chigawo cha Alabama, kumwera kwa dziko la America, mtsinje wa Alabama umakhota ngati uta nuzinga kadera kena mbali zitatu. Malowo amawatcha Gee's Bend, potengera dzina la Joseph Gee amene adatsegulapo munda wa thonje wolimidwa ndi akapolo mu 1816. Mu 1845 mundawo udagwa m'manja mwa Mark Pettway, amene chaka chotsatira adabwera ndi akapolo pafupifupi 100 kuchokera ku North Carolina, ulendo wa pansi. Nchifukwa chake mpaka lero mabanja ambiri a anthu akuda kumeneko dzina lawo ndi Pettway, dzina la munthu amene adali mbuye wa makolo awo. Ukapolo utathetsedwa mu 1865 anthuwo adakhalabe pamalopo ngati matenanti, kulima thonje m'minda ya eni, namakongola mbewu ndi chakudya kwa wamalonda wa m'tauni ya Camden, kutsidya la mtsinje. Mu 1932, mtengo wa thonje utagwa ndipo wamalondayo atamwalira, achibale ake adatumiza anthu kudzalanda katundu m'mabanja oposa 60: ziweto, zipangizo zolimira, chakudya, ndi nkhuku zomwe. Nyengo yachisanu ya chaka chimenecho anthu adapulumukira chithandizo cha Red Cross.

Nyumba zawo zidali zamitengo, zokhala ndi mipata imene ankaimata ndi manyuzipepala, ndipo kumeneko m'mwezi wa Januwale usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Mayi wa ana ambiri adayenera kupeza chofunditsa aliyense, pabedi limodzi zofunda zingapo. Ndalama yogulira nsalu padalibe. Tsono ankang'amba ovolosi yakutha, miyendo ya mabuluku, madiresi akale, matumba a ufa ndi a feteleza, ndipo thonje la pakati ankatola lotsalira kumakina ochotsera njere, nalipuntha ndi ndodo kuti fumbi lichoke. Kwathu kuno chigamba timachiona ngati chochititsa manyazi, mwana amakana kupita nacho kusukulu. Iwowo adatenga zigamba zokhazokha nazisandutsa chinthu chathunthu. Sankatsata kwambiri mabuku ophunzitsa kadulidwe ka nsalu. Mtsikana ankaphunzira kwa mayi ake kapena agogo ake, kenaka ankapeza njira yakeyake. Kalumikizidwe kamene ankakakonda kwambiri ankakatcha denga la nyumba: kachigamba ka ngodya zinayi pakati, kozunguliridwa ndi mizere yomka nikula, monga m'mene munthu amaonera phaso atagona chagada.

Chimodzi mwa zofunda zimenezi chiri ndi mbiri yoyenera kuimva bwino. Amuna a Mayi Missouri Pettway, a Nathaniel, atamwalira pambuyo podwala nthawi yaitali, mayiwo mu 1942 adatenga zovala zimene malemuwo ankagwirira ntchito kumunda, nazing'amba, nasoka chofunda. Mwana wawo Arlonzia, amene adathandiza kudula nsaluzo, adafotokoza patapita zaka zambiri kuti mayi ake ankafuna kukumbukira amuna awo powafunda m'zovala zawozo. Chofundacho sichowala. Ndi chotuwa, cha buluu wosuluka, ndi tizigamba tofiira apo ndi apo, ndipo madontho ndi kuperepeseka kwa nsalu yovalidwa zaka zambiri zikuonekabe. Sichidasokeredwe maso a munthu wina aliyense. Chidasokeredwa khungu la mayi mmodzi wamasiye, kuti chimgwire usiku nyali itazima. Apa ndi pamene wotsutsa zionetsero ali ndi mphamvu, pakuti anganene kuti chinthu chotere kuchipachika pakhoma, kapena kuchiika pa intaneti pakati pa nkhani za mpira ndi zotsatsa malonda, kuli ngati kuwerenga kalata ya mwini mokweza pamsika.

Wotsutsayo angaonjezenso china. Chofunda chimakwaniritsa ntchito yake potha. Chikafundidwa chimada, chikada chimachapidwa, chikachapidwa chimasuluka ndi kufewa, mpaka tsiku lina chibooka pakati, nkuchiyalira galu kapena kuchisandutsa thonje la mkati mwa chinzake. Zofunda zakale zimene zidafika m'nyumba za zaluso ziri zamphumphu kawirikawiri ndi zija zimene zidapulumuka chifukwa chosungidwa m'bokosi kudikira alendo. Zimene zidalera ana, zidafunda odwala ndi kuperekeza okalamba, zambiri zidatheratu, ndipo palibe chionetsero chimene chidzazione. Kotero chionetsero chirichonse chimationetsa zotsala, pamene zogwira ntchito zenizeni zidapita mwakachetechete.

Mawu amenewa ndi olemera, koma sindiwavomereza onse. Amayi a ku Gee's Bend nawonso ankaonetsa. Chisanu chikatha ankatulutsa zofunda zonse nkuziyanika pazingwe ndi pamipanda kuti zipitidwe mphepo ndi dzuwa, ndipo anzawo podutsa ankaima kuyang'ana, kuyamikira, ndi kuba nzeru ndi maso. Aliyense ankadziwa dzanja la mnzake, monga m'mene timadziwira ndiwo za mayi wakutiwakuti pamaliro tisadauzidwe. Kukadakhala kuti cholinga chidali kutentha kokha, sakadataya nthawi kusankha kuti chofiira chikhale pati; nsanza iriyonse ikadakwana paliponse. Munthu, ngakhale ali pa umphawi wotani, safuna kungopulumuka. Amafunanso kuti chimene wapanga chikhale bwino, ndi kuti wina achione nkuvomereza kuti chiridi bwino. Kufuna kumeneku ena amakutcha matama, koma ine ndikuona kuti nkosiyana. Wamatama amafuna kuti muone iyeyo. Mmisiri amafuna kuti muone chinthucho, ndipo mukachiona bwino iye amakhuta ngakhale mutamuiwala nkhope. Bungwe la osoka likamaika zofunda za mamembala ake pa intaneti likungotalikitsa chingwe choyanikira chija.

Chingwe chomwecho ndicho chidakopa alendo. Kumapeto kwa 1965, m'masiku olimbana kuti anthu akuda azivota mwaufulu, wansembe wina wa mpingo wa Episcopal, Bambo Francis X. Walter, akuyenda m'boma la Wilcox, m'mene muli Gee's Bend, adaona zofunda zitayanikidwa pakhomo lina. Adayamba kuzigula pamtengo wa madola 10 chimodzi, nazitumiza ku New York kukagulitsa pa okushoni, ndipo phindu lidabwerera kwa osokawo. M'menemo mudabadwa mu 1966 bungwe la Freedom Quilting Bee, limene lidapatsa amayi ambiri ndalama yosachokera m'munda wa thonje. Panthawiyo nkuti mudziwo uli pachilango. Mu 1962 akuluakulu a bomalo adaimitsa pantoni yoolotsa anthu kupita ku Camden, kumene ankakalembetsa maina kuti adzavote, kotero ulendo wongooloka mtsinje udasanduka wozungulira pafupifupi ola lathunthu pagalimoto, kwa anthu amene ambiri adalibe galimoto. Pantoniyo idabwerera mu 2006, patatha zaka 44.

Koma msika uli ndi maso akeake. Masitolo akuluakulu ankafuna zofunda zofanana, za miyeso yeniyeni ndi mizere yoongoka, ndipo amayi ena amene dzanja lawo lidazolowera kuyenda mwaufulu adaona kuti ntchitoyo siikuwayenera. Mu 1972 bungwelo lidapeza oda yaikulu ya kampani ya Sears, yosoka zovundikira mapilo ndi nsalu yokhuthala ya mizeremizere yotchedwa corduroy. Chodabwitsa nchakuti zidutswa zotsala pa oda imeneyo, zimene amayi ankapita nazo kunyumba, ndizo zidabala zina mwa zofunda zotchuka kwambiri za deralo. Masana ankasokera wogula, usiku ankasokera ana awo, ndipo zausikuzo ndi zimene dziko lidadzazigomera.

Mlendo wachiwiri adafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. A William Arnett a ku Atlanta, amene ntchito yawo idali yogula ndi kusonkhanitsa zaluso, adaona m'buku la wojambula zithunzi Roland Freeman chofunda cha Mayi Annie Mae Young chitayanikidwa pamulu wa nkhuni, nanyamuka kukachifunafuna. Mayiwo poyamba adaganiza kuti adachitentha, pakuti kumeneko zofunda zakutha ankazitentha kuti utsi uthamangitse udzudzu. Chitapezeka adafuna kungochipereka ulere, koma a Arnett adalipira madola masauzande angapo pa chimenecho ndi zinzake. Paja akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mu 2002 zofunda pafupifupi 70 za ku Gee's Bend zidapachikidwa m'nyumba ya zaluso ya ku Houston, kenaka ku Whitney komwe kuja, ndipo olemba nkhani adaziyerekeza ndi ntchito za akatswiri a ku Ulaya monga Henri Matisse ndi Paul Klee. Mu 2006 a positi ofesi a dzikolo adatulutsa masitampa 10 a zofunda zimenezi. Mu 2015 Mayi Mary Lee Bendolph, Mayi Lucy Mingo ndi Mayi Loretta Pettway adalandira ulemu waukulu umene boma la America limapereka kwa amisiri a luso la makolo.

Kusiyana kwake ndi 1971 kudali kumodzi, koma kwakukulu: ulendo uno pambali pa chofunda chirichonse padali dzina. Apa ndiye ndiimapo nji. Kuonetsa ntchito ya manja pamodzi ndi dzina la mwini wake ndi chilungamo. Ntchito zambiri za mayi panyumba zimatha tsiku lomwelo. Nsima idyedwa, zovala zochapa zidanso, pabwalo posesa pagwanso masamba, ndipo pofika madzulo palibe umboni wakuti munthu adawerama tsiku lonse. Chofunda ndi chimodzi mwa zochepa zimene zimatsala, zonena kuti pano padali munthu woganiza, wosankha, wodziwa kuti buluu uyu afuna chofiira pambali pake. Womanga nyumba yaikulu dzina lake limalembedwa pamwala, wolemba buku limasindikizidwa pachikuto. Kumuuza mayi wosoka kuti iye yekha abisale chifukwa cha kudzichepetsa nkumzoloweretsa kusawerengedwa, kenaka nkumuyamikira kuti wazolowera.

Tsono vuto lagona pati? Lagona pa ife oonerera. Diso limaona mitundu ndi kalumikizidwe, koma silimva chisanu chimene chidasoketsa chofundacho. Mayi Loretta Pettway, amene zofunda zawo ziri pamasitampa aja, adanena poyera kuti kusoka sankakukonda. Ankasoka chifukwa ana adafunika kufunda ndipo njira ina padalibe. Munthu wa mumzinda, ali m'nyumba yotentha bwino, akamati buluu wosuluka wa ovolosi ndi wokongola akunena zoona. Koma chidasulutsa buluuyo ndi dzuwa la m'munda wa eni, ndi mawondo a munthu amene adakalamba ali pangongole. Pali chikondi china cha zinthu za amphawi chimene sichifika kwa amphawiwo. Timatha kusirira nsanza zitalumikizidwa mwaluso pakhoma, chikhalirecho mwini nsanzazo atagogoda pakhomo pathu sitikadamtsegulira. Boma la Wilcox, pambuyo pa kutchuka konseku, lidawerengedwabe pakati pa maboma osauka kwambiri ku America.

Chithunzi chimaonjezera vuto lina. Chofunda ndi chimodzi, ukachigulitsa wagulitsa kamodzi. Koma chithunzi chake chimabereka popanda malire, ndipo chingathe kusindikizidwa pamakapeti, pamakadi ndi pazinthu zina zamalonda, monga zidachitikiradi ndi zofunda za ku Gee's Bend. Ndalama ya pamenepo ndi ya yani? Mu 2007 Mayi Annie Mae Young ndi Mayi Loretta Pettway adakasuma kukhoti kuti sadalandire gawo lowayenera. Banja la a Arnett lidakana mlanduwo, amayi ena ambiri a m'mudzimo adaliikira kumbuyo, ndipo milanduyo idatsekedwa mu 2008 isadazengedwe mpaka kumapeto. Sikwathu kugamula pano. Koma kungoti nkhaniyo idafika kukhoti kukusonyeza kuti kuomberedwa m'manja sikudakhutitse onse. Pa intaneti zinthu nzoterera kuposa pamenepa. Kutenga chithunzi cha mwini nkungodina kamodzi, dzina nkutsala m'mbuyo. Chikadutsa m'manja atatu chimafika chopanda mwini, ndipo tabwerera ku 1971.

Palinso chiopsezo chimene chimagwera osokawo. Galasi la foni ndi laling'ono ngati chikhatho, ndipo pamenepo chofunda cha bedi la anthu awiri ndi kansalu kopukutira m'manja zimaoneka zofanana kukula. Chimene chimaimitsa chala cha woonerera ndi mitundu yolimba ndi zigamba zikuluzikulu. Kubaya kwa singano kwa miyezi itatu, kolunjika ndi kofanana, sikuoneka konse pokhapokha wina atajambula pafupi. Kulemera sikujambulika, kufewa kwa nsalu yochapidwa kambirimbiri sikujambulika, ndipo kuseri, kumene mmisiri mnzake amayamba kuyang'ana kuti adziwe ngati dzanja lidali loona, kawirikawiri sikuonetsedwa. Pang'ono ndi pang'ono wosoka angayambe kudzifunsa kuti chidzaoneka bwanji pachithunzi, nkuleka kufunsa kuti mwana adzagona bwanji m'menemo. Ndi nkhani ya masitolo akuluakulu ija, yangosintha malaya. Ndipo kumawerenga anthu amene ayamikira chithunzi chako, nkumayerekeza ndi a mnzako, ndi nankafumbwe amene angadye ubale wa m'bungwe kuyambira mkati, kunja kukuoneka bwinobwino.

Zabwino zake nazo tisazikane, ndipo nzosavuta kuziona. Agogo amene miyendo siiwalolanso kufika kuholo amaona ntchito za anzawo ali pampando, mdzukulu atawagwirira foni. Wongoyamba kumene, amene chofunda chake m'holo chikadapachikidwa kungodya, pa intaneti amalandira malo ofanana ndi a katswiri. Mwana amene ali kutsidya la nyanja amaona chimene mayi ake akhala akusoka chaka chonse. Ndiponso mabungwe ambiri a osoka sasokera chionetsero chokha: mamembala omwewo amasoka zofunda zina zokapereka m'zipatala ndi kwa ana ovutika, kudzera m'mabungwe onga Project Linus limene lidayamba mu 1995, ndipo zimenezo zimakatha ntchito yake mosaonedwa, monga zakale zija.

Kwa amayi a ku Gee's Bend intaneti idatsegula khomo lina. Mu Febuluwale 2021, mothandizidwa ndi bungwe la Nest ndi la Souls Grown Deep, limene adaliyambitsa a Arnett omwe aja, ena mwa iwo adatsegula timasitolo tawo pamsika wa pa intaneti wotchedwa Etsy, aliyense m'dzina lake, wogula nkumagula kwa wosoka mwini wake. Zofunda zambiri zogulidwa motere sizidzafundidwa. Munthu amene walipira madola masauzande sangachiyale pabedi la ana, adzachipachika. Ena amadandaula nazo, amati luso lenileni lidali lija la nsanza ndi chisanu, ndipo la lero, la nsalu zatsopano za m'sitolo, lasukuluka. Kudandaula kumeneku ndimakukayikira kwambiri, chifukwa okunena kawirikawiri sadagonepo m'nyumba yomata ndi manyuzipepala. Ngati kukoma kwa luso kufuna kuti mayi akhalebe wosauka, ana ake azinjenjemera usiku kuti ife tipeze chosirira, ndiye luso limenelo lisukuluke ndithu. Chofunda chopachikidwa mumzinda wakutali, chimene ndalama yake yafolera nyumba ku Alabama kapena yalipira sukulu ya mdzukulu, chafunditsabe munthu, kungoti chadzera njira yaitali.

Ngongole ya woonerera, abale anga, njosavuta kuitchula ngakhale ambirife sitiibweza. Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu aime pa chithunzi chimodzi nthawi yokwanira kuwerenga dzina ndi mawu amene wosoka walemba pansi pake, ndipo akafuna kuchitumiza kwa ena achitumize ndi dzina lomwe. Akafuna kugula, asanenerere mtengo ngati kuti miyezi ya munthu ndi tomato wa madzulo. Mabungwe a osoka ali ndi mwambo wabwino umene amaulimbikitsa kwa mamembala awo: kusokerera kansalu kuseri kwa chofunda, pangodya, kolembapo dzina la wosoka, malo, chaka, ndi munthu amene wamsokera. Chionetsero cha pa intaneti chimene chijambula nkhope yokha ya chofunda chimasiya kansalu kameneka mumdima. Chabwino ndi chija chimene chipempha zithunzi zingapo, cha chofunda chonse, cha pafupi ndi cha kuseri, nichimpatsa wosoka malo oti anene yekha za ntchito yake.

Komabe pali zofunda zina zimene yankho ili silizikwanira. Cha Mayi Missouri Pettway chija chidalowa mu 2020 m'nyumba ya zaluso ya National Gallery of Art ku Washington, ndipo chithunzi chake aliyense angathe kuchipeza pa intaneti. Mayiwo adamwalira mu 1981, zaka 21 chionetsero cha ku Houston chisadachitike, kotero chilolezo chawo padalibe pochipempha. Amene adalankhula m'malo mwawo ndi mwana wawo Arlonzia, ndipo ndi chifukwa cha mawu a mwanayo kuti ife tikudziwa kuti zidutswa zotuwazo ndi mabuluku ndi malaya a Nathaniel Pettway, mlimi amene akadaiwalika monga anzake ambirimbiri. Mbali imodzi pali chinsinsi cha mayi wamasiye, chimene tsopano chiri poyera kwa anthu osamdziwa. Mbali inayi pali dzina la mwamuna wake, limene popanda kuonetsako likadakwiririka pamodzi ndi iye. Ndikaika ziwirizi pasikelo ndimapendekera kumbali ya mwanayo, ngakhale ndi mtima wosakhazikika kwenikweni.

M'nyumba za zaluso nsalu zakale sizikhala pakhoma nthawi yaitali, popeza kuwala kumazisulutsa ndi kufooketsa ulusi. Zikaonetsedwa miyezi ingapo amazitsitsa nazisunga m'chipinda chamdima, chozizira bwino, m'mene amisiri osamalira nsalu okha ndiwo amazikhudza. Miyezi yambiri ya chaka, chimene chimatsala poyera ndi chithunzi chija.